Mpendero

Ndaziona watumizanso chithunzi.
Foni yanjenjemera pambali pa sizasi,
phazi langa lili pa chopondera cha makina,
pakhonde la sitolo ya nsapato muno mu Limbe,
yunifolomu ya mwana wa eni ili pakati pa msoko.

"Ababa, iyi ndi ya dzulo ija, kapena ina?"

Ndavala magalasi anga a mwendo umodzi.
Kanthu kake sikaposa chala changa chaching'ono,
nkhono yoti inataya chigoba kalekale,
ikukwawa yosavala pa thanthwe, pansi pa madzi amchere.
Koma kusavala kwakeko!
Msana wobiriwira ngati inki yotayikira m'thumba la malaya,
mizere itatu yakuda bii,
m'mphepete chikasu chochita kuthobwa m'maso.

Mwanayu ali ku Pemba, ku Mozambiki,
amamira atabereka botolo la mpweya.
Ine madzi akuya omwe ndimawadziwa
ndi a Mudi ukalusa mu Febuluwale,
utasenza majumbo ndi patapata wa munthu.

Anandiphunzitsa pafoni, bandulo ikutha:
yambani ndi tinyanga tiwiri ta kumutu, tonunkhizira,
muone ngati n'tosalala kapena topinda ngati siketi ya sukulu.
Kenako kumbuyo, kangayaye kopumira.
Mukatero muwerenge mizere,
muonenso chomwe yakwerapo, poti imagona pa chakudya chake.
Ndinamvera zonse.
Koma diso la telala lili ndi khalidwe lake,
limathamangira ku mpendero.

"Ya dzulo chikasu chinakafika kumapeto penipeni.
Ya leroyi ili ndi kaulusi koyera kunja kwa chikasucho,
ngati wosoka anabwerezanso kachiwiri."

Zii.
Minibasi zitatu za ku Bangwe zadzaza n'kunyamuka.
Mnyamata wa mazira owiritsa wadutsa kawiri.
Kenako foni ija:
"Mwalasa, Ababa. Ndi mitundu iwiri.
Tinayang'ana anthu anayi, osakaona."

Mayina awo a m'mabuku amandipunthwitsa lilime,
ndiye ndili ndi anga, m'kope la miyeso.
Pakati pa chiuno cha Mayi Nankhonya
ndi ngongole ya thalauzi la Che Ajusa
ndalemba: Wochedwa ku Ukwati.
Kondakitala wa Lamulungu.
Chitenje cha Apongozi.
Ina ya madontho ofiirira ndinangoitcha Chikuku,
Ndaziona anaseka mpaka kutsamwa.

Akuti kuwala konseko si kudzikongoletsa.
Ndi chenjezo: ndilawe uone.
Zina zimadya tinthu toluma ta m'matanthwemo,
ululu uja n'kuusunga pamsana, kukhala wawo.
Ndinaima kaye osapalasa.
Ndinakumbuka kamtsikana ka ku Chigumula
komwe ankakaseka kuti bambo ako amasoka zigamba,
iko n'kumavalabe diresi la zidutswa zotsala,
lofiira uku, lachikasu uku,
kali njo, kutsogolo kwa kalasi.

Ndinamufunsa tsiku lina: tabweretsako imodzi m'botolo
ndidzaione ndi maso, ndisanafe.
Akuti sizitheka.
Ikangoikidwa m'mankhwala imasuluka,
imatuwa ngati nsalu yotchipa itakumana ndi sopo,
kutsala kanyama kofota kosadziwika mwini.
Mtundu wake umafuna ikhale yamoyo,
komweko, kutali ndi khonde langa.

Chiperoni chatsika ku Soche.
Limbe yense watuwa, anthu afinyirira m'majuzi a kaunjika,
foni yatsala ndi kamzere kamodzi ka moto.
Mwini yunifolomu abwera folo koloko,
ndi munthu wosachedwa, ndipo sakonda nkhani.

Ndapinda nsalu, ndapalasa.
Mpendero watha, wowongoka bwino.
Ndayang'ana uku ndi uku,
ndasintha ulusi,
ndadutsitsa mzere wina woyera, wopyapyala, cham'kati,
pomwe palibe anandituma.
Mwina mwanayo adzauona
tsiku lina masamu akadzamukwana,
maso ali pansi.